Mnzako Akapsa Ndevu

Bambo anga atatsala pang'ono kutisiya, adandipatsa makope atatu achikuto chofiira. Iwo adali mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo kwa zaka zambiri ankalemba m'makopemo zimene ankamva kwa akuluakulu a m'mudzi mwathu: mndandanda wa mafumu, njira imene makolo adadzera pobwera kudzamanga pamalo tili pano, miyambi, ndi nyimbo za pamtondo zimene amayi amakono sakuziimbanso. "Uwasunge bwino," adatero. Ine ndidamva ngati akuti ndiwabise. Ndidawakulunga m'chitenje chakale, n'kuwaika pansi penipeni m'bokosi lamatabwa, n'kukhoma loko.

Patapita zaka, kudabwera mtsikana wina wa kusukulu ya ukachenjede amene ankafufuza za nyimbo za pamtondo. Adagwada mwaulemu nati, "Bambo, sinditenga kanthu ayi, ndingojambula masambawo basi." Ndidakana kwamtuwagalu. Maganizo anga adali oti chuma cha banja chikalowa pakompyuta ndiye kuti chatayidwa pamsewu. Mwana wa eniakeyo adabwerera chimanjamanja.

Chimene chidandigwedeza chidachitika kutali, ku South Africa. Pa 18 Epulo 2021 moto wolusa udatsika m'phiri ku Cape Town n'kulowa pa yunivesite ya mumzindawo. Udayatsa laibulale ya Jagger, mmene munkasungidwa mabuku, nyuzipepala ndi mafilimu okhudza maiko a mu Africa. Chipinda chowerengeramo chidapsa psiti, denga n'kugwa. Zimene zidali m'zipinda zapansi zidapulumuka kumoto, koma madzi ozimitsira motowo adatsikira komweko, moti anthu ongodzipereka adatha masiku ambiri akutulutsa mapepala m'makireti. Poona zithunzizo ndidakumbukira kuti nafenso tidalirapo maliro otere mu Disembala 2015, pamene laibulale ya yunivesite ya Mzuzu idapsa pamodzi ndi mabuku ake ochuluka zedi.

Buku losindikizidwa likapsa, kawirikawiri linzake limapezeka kwina. Nanga chinthu chimene chidalipo chimodzi chokha padziko lonse? Icho chikapsa chapita, pokhapokha ngati wina adachijambuliratu. Funso limeneli lidandisowetsa tulo. Akulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ine ndevu za anzathu a ku Cape Town sindikadatha kuzizima, koma ndidayamba kumva fungo la utsi pa zanga.

Kutacha ndidatsekula bokosi lija. Kwathu kudalibe moto, koma chiswe chidali chitaboola thabwa lapansi. Kope limodzi, lomwe lidali ndi nyimbo zimene mtsikana uja ankafuna, lidasanduka dothi. Padangotsala chikuto ndi tizidutswa tamasamba pamene ndinkazindikira dzanja la bambo koma osatha kulumikiza mawu. Ndidakhala pansi osalankhula. Akadajambula tsiku lija, bwenzi nyimbozo zilipo. Amene adaziwononga si chiswe chokha ayi. Umbombo wanga udathandizira.

Kuyambira pamenepo ndidayamba kutsata ntchito ya akatswiri amene amajambula zolemba zakale n'kuziika pakompyuta. Kuyambira mu 2004, British Library yakhala ikuyendetsa ntchito yopulumutsa zolemba zimene zili pangozi m'maiko osiyanasiyana, ndipo ntchitoyi idafikanso kunyumba yosunga mbiri yakale ku Zomba. Chidandikhazika mtima pansi n'chakuti mapepala enieniwo sachoka m'dziko la eni ake. Chimene chimayenda ndi zithunzi. Ku Mali, anthu a ku Timbuktu adazembetsa zolemba pamanja za makolo awo kupita nazo ku Bamako pothawa zigawenga mu 2012 ndi 2013, ndipo mu 2022 masamba oposa 40,000 adaikidwa pa intaneti kuti aliyense awaone. Nyimbo zimene Hugh Tracey adajambula m'dziko lathu lino m'zaka za m'ma 1950 zikumvekabe chifukwa osunga ku Rhodes University adazisamutsira pakompyuta.

Komabe ndisaname kuti kompyuta ndi linga losagumuka. Mu Okutobala 2023 akuba a pa intaneti adathyola makina a British Library yomweyo, ndipo ofufuza adavutika miyezi yambiri osatha kupeza zimene ankazidalira. Pepala lili ndi chiswe chake, nayo kompyuta ili ndi chake. Nzeru imene osunga mabuku amagwirizanapo njakale ngati ya mlimi: mbewu yosunga usaiike munkhokwe imodzi. Ina ikhale kutsindwi, ina kwa achimwene, ina kutsidya kwa mtsinje.

Makope awiri otsalawo ndidawajambula ndi foni, tsamba ndi tsamba, pakhonde nthawi ya m'mawa kuwala kuli bwino. Zithunzizo ndidatumiza kwa mlongo wanga ku Lilongwe ndi kwa mphwanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Patangotha sabata, mphwangayo adandiimbira kufunsa za dzina la mfumu ina imene adaiona patsamba lachisanu, ndipo tidacheza mpaka batire kutha. Makopewo adali asadawerengedwepo chimwalirireni bambo.

Mtsikana uja sindidasunge dzina lake. Ngati angadzawerenge nkhani ino, adziwe kuti loko ndidachotsa, ndipo makope awiri akumudikira. Lachitatulo andikhululukire.