Kuyenda ndi pointer pa mzere wa zilembo

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a timakina ting'onoting'ono, monga ta Arduino totumiza uthenga pa foni madzi akachepa m'thanki. Ndimagwirira kuno ku Magomero, ndipo achinyamata obwera kudzaphunzira ndimawayambitsa ndi C, chiyankhulo chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs cha m'ma 1972. Ambiri amafuna Python. Sindiwaletsa, koma Arduino Uno yathu ili ndi RAM ya 2 KB basi, choncho uyenera kudziwa pamene chilembo chilichonse chagona.

Mu C, dzina la munthu ndi zilembo zondandalikana ngati mapando pa mzere wa chimanga, ndipo kumapeto kumakhala \0 wouza makina kuti mzere wathera pano. Pointer sisunga chilembo, imasunga adiresi ya pamene chilembocho chili. Pointer ikakhala p, ukalemba p++ yasunthira kutsogolo, ukalemba *p watola chimene chili pamenepo. Kukopera dzina, kuchotsa 0 woyamba pa nambala ya foni n'kuikapo +265, zonsezi ndi kuyenda komweku mpaka ukafike pa \0. Akasowa ameneyu, pointer siima ayi, imangopitirira kulowa m'malo a zinthu zina, ndipo C sakuchenjeza. Kulemba mopyola malire kotereku ndi imodzi mwa njira zimene pulogalamu yoononga ya Morris worm inalowera m'makompyuta ambirimbiri mu 1988.

Koma phunziro limene ndimalikonda kwambiri ndi la kwathu kuno. Ndimamuuza wophunzira kuti alembe Malaŵi, kenaka afunse strlen, chida choyezera mzere mu C, kutalika kwake. Maso amaona zilembo 6, makina amayankha 7. Chifukwa chake n'chakuti ŵ mulibe pa zilembo 128 za ASCII, ndipo mu UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992, amatenga mabayiti awiri. Ukatembenuza dzinalo ndi mapointer awiri, ina yochokera kutsogolo ina kumbuyo, ŵ amang'ambika pakati, pa sikirini n'kutuluka zosawerengeka. Pa SMS napo, ŵ mmodzi yekha amatsitsa uthenga kuchoka pa zilembo 160 kufika pa 70.

Ena amangochotsa kachipewa ka ŵ kuti ntchito iyende. Ine ndimakana, dzina la munthu lilembedwe mmene mwini wake amalilembera. N'chifukwa chake ophunzira anga ndimawaphunzitsa kuyang'ana bayiti yoyamba asanasunthe pointer, kuti adziwe ngati adumphe malo amodzi kapena awiri.