Ng'oma Zam'nyumba ndi Ng'oma Zogula

Aliyense wopanga nyimbo pa kompyuta amafika pamphambano iyi: kodi akhutire ndi ng'oma zimene zidabwera pamodzi ndi pulogalamu yake yojambulira, kapena atulutse ndalama nkugula za kampani ina? Ine ndagwirapo ntchito ndi mitundu yonse iwiri, ndipo yankho langa silitsamira pa mtengo.

Ng'oma zogula nzoyenera ulemu. Kampani ya Toontrack ya ku Sweden idatulutsa EZdrummer m'chaka cha 2006, ndipo mu 2017 idabwera ndi Superior Drummer 3, imene mawu ake adajambulidwa ndi katswiri George Massenburg ku Galaxy Studios m'dziko la Belgium. Ng'oma iliyonse idaombedwa kambirimbiri, mofatsa ndi mwamphamvu, mamaikolofoni ambiri akutola mawuwo. Nchifukwa chake mawu onsewo amaposa magigabaiti 200, ndipo womvera amayesa kuti kuseri kwa nyimbo kuli munthu amene akukha thukuta. Ndikafuna kuti nyimbo imveke ngati ya bandi, ndimathamangira komweko.

Komabe wogula ng'oma zotere amagulanso chipinda cha eni ake ndi dzanja la eni ake. Magundidwe okonzeratu amene ndimapezamo ndi a rock, pop, jazi ndi ena otero. Ndikafuna kagundidwe ka manganje kapena ka chimtali, ndimaika ndekha kugunda kulikonse pamalo pake, ndipo pantchito imeneyi ndalama zanga sizindithandiza kanthu.

Ng'oma zam'nyumba, monga FPC ya mu FL Studio kapena Drum Rack ya mu Ableton Live, anthu amazipeputsa chifukwa aliyense ali nazo. Koma zambiri sizilemetsa kompyuta, ndipo zimalola munthu kuikamo mawu a ng'oma imene wajambula yekha. Tiganizirenso za amapiano a ku South Africa. Kugunda kwakuya kumene kumadziwitsa nyimbozi, kotchedwa log drum, kudachokera mu Fruity DX10, kachida kobwera ndi FL Studio. Anthu osawerengeka padziko lapansi adali nako kachidako, koma achinyamata a ku Gauteng ndiwo adakapinda mpaka kadalankhula chinenero chawo.

Chondidetsa nkhawa ndi wophunzira amene amaimika ntchito yake podikira tsiku lodzapeza ndalama zogulira pulogalamu ya dzina, akukhulupirira kuti nyimbo zake nzachabechabe kufikira tsikulo. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wophunzira wotere ayambe wadziwa bwino chida chimene ali nacho: achichune, achikweze, achitsitse, kufikira atamva pamene chikulephera. Akadzatha kutchula mawu enieni amene akusowa m'nyimbo yake, pamenepo agule, pakuti adzakhala akudziwa chimene akulipirira.