Chitsulo ndi Msinkhu wa Mwana

Ntchito imene ndidaphunzira kwa amalume anga, imene yandidyetsa kufikira lero pamene imvi zayamba kuonekera, ndiyo yodula, kupinda ndi kuwotcherera zitsulo. Ndipo ngakhale manja anga apanga zitseko, mafelemu a mawindo, mbaula ndi mageti ochuluka kuno ku Ndirande, chimene anthu andidziwa nacho koposa ndicho zitsulo zonyamula, zija anyamata alimbitsira nazo thupi kuseri kwa nyumba kapena m'kachisakasa kamene eni ake akatcha jimu. Chifukwa cha ntchito imeneyi ndakhala ndikuimbidwa mlandu umene suchoka pakamwa pa makolo, wakuti zitsulo zanga zifupikitsa ana, kuti mnyamata akayamba kunyamula asanakhwime adzapinimbira, nadzakhala wamfupi masiku onse a moyo wake. Amene anena mawuwa ndi anthu okonda ana awo, ndipo sindingawapeputse. Koma popeza katunduyo atuluka m'manja mwanga, kuyenera ine kuyankha monga mmisiri, ndi kunena poyera pamene pali choopsa ndi pamene palibe.

Ndiyambe ndi kapangidwe kake. Zonyamula za anthu osauka ndi za simenti: titenga zitini ziwiri zofanana, za penti kapena za mafuta ophikira, tisakaniza simenti ndi mchenga wa kumtsinje ndi timiyala ta kwale, tiimika paipi pakati penipeni, imene kunsonga kwake tawotchererako tizitsulo topingasa kuti igwire, ndipo tithira. Konkire youma yodzaza chitini cha malita 5 ilemera pafupifupi makilogalamu 12, pamene chitsulo chodzaza malo omwewo chikadalemera koposa katatu. Konkireyo ifuna kuthiriridwa madzi sabata yathunthu ili pamthunzi, ndipo mphamvu yake yokwanira ifika patapita masiku 28; koma anyamata a phuma afuna kuinyamula m'mawa mwake, ndipo yotereyo ndiyo imasweka ili m'mwamba ndi kugwera mwini wake pachifuwa. Amene ali ndi kangachepe m'thumba afuna mapuleti achitsulo, ndipo amenewa ndiwadula ku zitsulo zokhuthala za makina akufa, kapena ndisonkhanitsa madiramu a mabuleki ndi magiya a malole kwa ogulitsa zitsulo zakale, ndi kuwapera kufikira atalingana.

Kulinganako ndiko kumandidyera nthawi koposa zonse. Ndodo yonyamulira ya amuna ya pa mipikisano ya dziko lonse italika mamita 2.2 ndi kulemera makilogalamu 20, ya akazi makilogalamu 15, ndipo nsonga zake zizungulira zokha kuti mapuleti potembenuka asapotokole dzanja la wonyamula; ife ndi zida zathu sitingafike pa luso lotero, koma sikelo tili nayo, ndipo palibe chowiringula kwa mmisiri amene saigwiritsa ntchito. Mbali imodzi ikaposa inzake ndi kilogalamu imodzi yokha, mwana sazindikira. Thupi lake lingopendekeka, phewa limodzi ndi mbali imodzi ya msana zisenza katundu amene zikadagawana ndi zinzake, ndipo pakutha pa miyezi ayamba kudandaula msana, makolo nati chitsulo chamlowa. Chifukwa chake puleti lililonse ndilipachika pa sikelo, ndi kulemba kulemera kwake ndi moto wowotcherera kuti penti ikafufutika nambala itsale; ndipo sindilola ndodo kutuluka pakhomo panga yopanda zomangira za kunsonga, zija zitsekereza mapuleti kuti angapulumuke. Benchi ndiipatsa miyendo yotangadza, ndipo paliponse pamene ndalumikiza ndigogodapo ndi nyundo kuchotsa makoko, ndione ngati chitsulo chadyana ndi chinzake kapena changomatidwa pamwamba.

Tsiku lina kudafika mayi wina wamasiye, atatsogoza mnyamata wake wa zaka 14, woonda, wa maso akuthwa. Atakhala pa mpando umene ndidawapatsa adati, “Bambo mmisiri, mwanayu wandisowetsa mtendere, akuti ndimgulire zitsulo. Malemu atate ake adali munthu wamtali. Kodi simudzandiphera msinkhu wa mwana wanga?” Ndidati, “Mayi, mwachita bwino kubwera nokha, pakuti kandimverere adakanena za m'maluwa.” Ndipo ndidawafotokozera zimene dokotala wina wa mafupa, amene ndidampangira benchi, adandiphunzitsa ine ndi fupa la nkhuku.

Aliyense amene adadyapo msoti wosakhwima akumbukira kuti kunsonga kwa fupa la mwendo kuli kachipewa koyera, kofewa, kamene kachoka ndi mano mosavuta, pamene fupa la tambala wokalamba liri gwa kuyambira uku kufikira uko. Momwemonso mwa mwana wa munthu, pafupi ndi nsonga za mafupa aatali, a m'ntchafu, a m'miyendo ndi a m'mikono, pali mzere wopyapyala wa chicherewecherewe, ndipo fupa litalikira pamenepo pokha: chicherewecherewecho chichulukana, mbali yake youmirira isanduka fupa, ndipo mwana akwera. Mzerewu ndi umene madokotala autcha growth plate. Utsekeka pakutha pa unamwali, mwa atsikana kawirikawiri pa zaka 14 kufikira 16, mwa anyamata pa zaka 16 kufikira 18 kapena mochedwerako pang'ono. Ukatsekeka, msinkhu watha, ndipo palibe mankhwala, chakudya kapena kudzikoka pa mtengo kumene kungautsegulenso. Tsono funso la mayiyo, likaikidwa molunjika, nlakuti kodi kulemera kwa chitsulo kutseka mzerewu nthawi yake isanakwane. Ndipo amene adayeza ana onyamula moyang'aniridwa bwino, kuwayerekeza ndi anzawo osanyamula, sadapeze kuti afupika. Bungwe la madokotala a ana la ku America, American Academy of Pediatrics, lidanena zotero m'chaka cha 2008, nilibwerezanso mu 2020. Ndipo World Health Organization, m'malangizo ake a 2020, ifuna kuti ana a zaka 5 kufikira 17 azichita zolimbitsa minofu ndi mafupa masiku osachepera atatu pa sabata.

Pano pali chinthu chimene chimandizizwitsa monga munthu wokhala ndi zitsulo tsiku ndi tsiku. Chitsulo chikapindidwapindidwa pamalo amodzi chitopa, chichita mng'alu wosaoneka ndi maso, ndipo tsiku lina chithyoka mosachenjeza. Fupa lamoyo likasenzetsedwa katundu woyenera mobwerezabwereza, ndi kupatsidwa nthawi yopuma, lidziwonjezera lokha pamalo pomwepo pamene katunduyo akanikiza. Dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, adalongosola zimenezi m'chaka cha 1892, ndipo zaka za unyamata ndizo nyengo imene thupi liunjika fupa lochuluka koposa, limene munthu adzatsamira pa ukalamba wake. Ntchito ya Mlengi yoteroyo mmisiri aliyense ayenera kuivulira chipewa.

Nanga manthawa adachokera kuti? Mbali ina adabadwa ndi maso, pakuti akatswiri ambiri otchuka a masewera onyamula zitsulo ndi aafupi. Naim Süleymanoğlu, wobadwira ku Bulgaria amene adaimira dziko la Turkey, adali wa masentimita 147 okha, koma adapata golide pa Olimpiki ya ku Seoul mu 1988, ya ku Barcelona mu 1992 ndi ya ku Atlanta mu 1996. Ku Seoul adakweza pamwamba pa mutu makilogalamu 190 iye mwini asakupitirira makilogalamu 60. Woonerera anena kuti chitsulo chidamfupikitsa, pamene zoona zake nzakuti ufupiwo ndiwo udamsankhira masewerawo, popeza wa mikono ndi miyendo yaifupi ali ndi mtunda wochepa wokwezera katundu, ndipo m'magulu a opepuka thupi wamfupi ndiye angadzaze minofu yambiri osapitirira muyeso. Koma ku gulu la olemera thupi kudatchuka Lasha Talakhadze wa ku Georgia, chiphona cha masentimita 197. Ndipo Arnold Schwarzenegger, amene zithunzi zake zipachikidwa m'tizisakasa ta anyamata athu, adayamba kunyamula ku Austria ali mnyamata wa kusukulu, nakula kuposa masentimita 180. Mbali inanso idachokera ku lipoti la ku Japan la m'zaka za m'ma 1960, lonena za ana a kumidzi ogwira ntchito zakalavulagaga amene adapezeka aafupi. Koma mwana wosenza katundu tsiku lonse ndi m'mimba mopanda kanthu ndi wina, ndipo mwana wonyamula theka la ola atadya ndi winanso. Kwathu kuno ndaonanso ichi, kuti anyamata ambiri ayamba zitsulo pa zaka 16 kapena 17, nyengo yomwe kukula kunali kutha kale. Msinkhu ukaima, mapewa natambasuka, chala chiloza chitsulo.

Chimene chipima msinkhu makamaka ndi mtundu, monga adanenera akale kuti make mbuu mwana mbuu. Chotsatira ndi chakudya ndi matenda a paubwana. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a m'Malawi osakwana zaka zisanu, 37 adali opinimbira, ndipo mwa iwo palibe ndi mmodzi yemwe adagwirapo ndodo yanga. Chimandiwawa mumtima kuona bambo akukaniza mwana zitsulo poopa ufupi, mwanayo akupita kusukulu ndi chikho cha tiyi wopanda mkaka; bwenzi nkhawa yomweyo itapita ku nyemba, nsinjiro, usipa, mazira ndi tulo tokwanira, pakuti m'tulo tofa nato ndimo thupi litulutsa kwambiri michere yokulitsa.

Komatu ndikadakhala wonyenga ndikadati chitsulo chilibe choopsa. Mzere wa chicherewecherewe uja ndi wofooka kuposa fupa louzungulira, ndipo ukhoza kuthyoka. Ukathyoka moipa, ndi kusalumikizidwa bwino kuchipatala, fupa limodzilo likhoza kukula mokhota kapena kutsalira. Ana ambiri ovulala motere avulala pogwa panjinga, mumtengo kapena pampira. Koma zichitikanso kwa mnyamata amene, pofuna kudzionetsa kwa anzake, akweza pamwamba pa mutu katundu womposa popanda womgwirira, nagwa naye dzanja litapindika. Choopsa china, chimene chifupikitsadi, ndi majakisoni ndi mapiritsi okulitsa minofu otchedwa ma steroid, amene ayamba kuyenda mobisa m'majimu ena: amenewa anyenga thupi kuti lakhwima, mizere ija nitsekeka nthawi isanakwane, ndipo msinkhu wotayika motero subweranso. Mnyamata amene ndamva kuti wayamba zimenezi sindimgulitsa kanthu kufikira nditaonana ndi makolo ake.

Kwa mayi aja ndidatchula zimene nditchulira kholo lililonse. Mwana ayambe ndi thupi lake lomwe, kunyonyomala ndi kudzuka, kudzikankha pansi ndi manja, kudzikoka pa mtanda. Kenaka mpini wa khasu kapena paipi yopanda kanthu, kufikira msana utaphunzira kuongoka ndi mapazi kuponda molimba. Katundu womyenera ndi amene angamkweze ka 8 kufikira ka 15 osagwedezeka, osapotoza nkhope, masiku awiri kapena atatu pa sabata, tsiku lopuma lili pakati. Pakhale munthu wamkulu wodziwa, woimirira kumutu kwa benchi manja ali chire. Ndipo kupweteka kwa m'mfundo, pabondo, pachigongono kapena pamsana, kukhale chizindikiro chosiya ndi kukaonana ndi achipatala. Mwana wamkazi malamulo ake ndi omwewa, ndipo ndapangirapo atsikana a mpira wamanja timapuleti tawo popanda chovuta.

Pa zonse zimene ndipanga, chimene ndiumirira kuti kholo ligule ndi timapuleti tating'ono, ta theka la kilogalamu ndi ta kilogalamu imodzi, timene amisiri anzanga ambiri satipanga chifukwa phindu lake nlochepa pomwe ntchito yake njofanana ndi ya puleti lalikulu. M'kachisakasa mmene muli mapuleti a makilogalamu 10 okhaokha, mwana wofuna kuwonjezera alumpha makilogalamu 20 nthawi imodzi, puleti limodzi uku lina uko, ndipo kulumpha kumeneko ndiko kuthyola manja. Pamene pali timapuleti, awonjezera kilogalamu imodzi kapena makilogalamu awiri, thupi nilitsatira, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndimatidula ku zotsalira za mageti, ndiboola pakati, ndipera m'mphepete kuti tisacheke zala, ndipo ndimatigulitsa tinayi tinayi pa mtengo wa chitsulo chokha. Mayi aja adatenga ndodo yopepuka ya makilogalamu 6, zomangira zake ziwiri ndi timapuleti tinayi. Za mapuleti aakulu ndidawauza kuti adzabwere naye mwanayo chaka chotsatira, ndidzayambe ndamuona akunyonyomala ndi ndodoyo pamapewa.