Makina Otola Mau m'Makomboni a Lusaka

Aliyense amene anapitako ku sukulu masiku apitawo adziwa nchito yowerengera ena kalata. Nkhalamba inali kuitana mwana wa sukulu, nimpatsa pepala locokera ku Lusaka, ndipo mwanayo anali kuwerenga modukizadukiza mau amene mwini wake analemba ndi mtima wodzala. Poyankha, nkhalambayo inali kunena zambiri, koma mlembi wamng'onoyo anali kulemba zocepa, pakuti dzanja litopa msanga kuposa lilime. Ndiponso ziripo nkhani za m'banja zimene mai sangathe kuuza mwana wa mnansi kuti alembe: za matenda, za ngongole, za ukwati umene ulikugwedezeka. Motero makalata ambiri anali kufika ndi moni wokhawokha, nkhani yeniyeni itatsala kumudzi. Makina otola mau a kaseti anacepetsa vuto limeneli kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo ambiri a mau amene anatolawo ali pafupi kutayika.

Mzinda wa Lusaka unadziwa zotola mau kaseti isanabadwe. Kumeneko kunali nyumba ya wailesi ya Central African Broadcasting Station, imene inali kuulutsa mau m'zinenero za anthu a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'Boma, anakakamiza kampani ya Ever Ready kupanga wailesi yosakwera mtengo, ndipo m'caka ca 1949 inafika wailesi ija yozungulira ngati poto, ya mtengo wa £5, batire lake 25s. Alick Nkhata, amene anayamba wagwira nchito ndi Hugh Tracey yotola nyimbo za makolo, anakhala mmodzi wa anthu omveka a pa wailesiyo. Koma makina otolera mau a nthawi imeneyo anali olemera, oyenda pa galimoto, ndipo anali a Boma. Munthu wamba anali kungoima patsogolo pao, naimba, liu lake nkupita ndi alendo. Nkosadabwitsa kuti pa nthawi ya mkangano wa Federation, ca m'ma 1953, ena anayamba kunong'ona kuti anthu a pa wailesi ndi banyama, ogwira anthu usiku. Peter Fraenkel anasimba za mantha amenewo m'buku lake lochedwa Wayaleshi la 1959.

Cimene cinasintha zinthu cinacokera ku Hasselt, m'dziko la Belgium, kumene kampani ya Philips inali ndi fakitale. Mmisiri wina wa ku Holland, Lou Ottens, anasema kathabwa kolowa m'thumba la jekete lake, nauza anzake kuti makina atsopano asapose kathabwako. Kaseti inaonetsedwa ku Berlin mu August 1963, kutatsala caka ndi miyezi iwiri kuti Zambia alandire ufulu. Pambuyo pake Philips inalola makampani ena kupanga makaseti a mtundu womwewo osalipira kanthu, ndipo cifukwa ca ici kaseti yotoledwa pa makina a National inatha kulira pa makina a Sanyo kapena a Sony. Cikadapanda cimeneci, mwana wa ku Matero sakadatha kutumiza liu lake ku Katete ndi mtima wokhazikika, posadziwa mtundu wa makina amene aphunzitsi a kumudziko ali nao.

M'makomboni makina amenewa anaculuka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Matero anamangidwa ndi kanselo kumayambiriro a zaka za m'ma 1950. Kanyama, Chawama, George ndi Kalingalinga anamangidwa ndi eni ake, popanda cilolezo, kufikira lamulo la 1974 linapatsa Boma njira yobvomerezera malo otere. Mtendere unayamba mu 1967, pamene anthu anapatsidwa mapuloti kuti adzimangire okha. Kusiyana kunalipo, koma nyumba zambiri za m'malo onsewa zinalingana pa cinthu cimodzi: zinalibe magetsi. Makina a kaseti anali kudya mabatire a toci, ndipo anali kudya mwadyera kuposa wailesi, pakuti mkati mwake muli kamota koyenera kuzungulira nthawi yonse. Fakitale ya mabatire inatsegulidwa ku Mansa mu 1978, koma m'zaka zimenezo mtengo wa mkuwa unali utagwa, ndipo zinthu zambiri zinali kusowa m'masitolo. Mabatire otha anali kuyanikidwa pa dzuwa pamwamba pa malata kuti apeze kamphamvu ka madzulo amodzi. Pobweza tepi kumbuyo, wanzeru anali kutulutsa kaseti ndi kuizunguza pa colembera, kuti mabatire asathere pa nchito yopanda mau.

Kacitidwe ka makinawa nkosabvuta kumva. Maikolofoni isandutsa mau kukhala mphamvu yocepa ya magetsi. Mphamvuyo ifika pa kacitsulo kochedwa hedi, ndipo pamenepo pamadutsa tepi, kansalu ka pulasitiki ka m'lifupi mamilimita 3.81, kopakidwa fumbi la citsulo. Tepi iyenda masentimita 4.76 pa sekondi, ndipo hedi isiya maginito pa fumbilo monga mwa kukwera ndi kutsika kwa liu. Kaseti ya C60 itenga mphindi 30 mbali imodzi, ya C90 mphindi 45. Ya C120 ndi yopyapyala kwambiri, ndipo ndiyo imene makina anali kukonda kutafuna. Patsogolo pa hedi yotola pali hedi ina yofafaniza, imene icotsa zonse zakale tepi isanalandire zatsopano.

Kutola liu la munthu bwino kunali ndi luso lake, ndipo ambiri analiphunzira mwa kuononga. Maikolofoni ya mkati mwa makina imamva kulira kwa kamota, motero ya cingwe inali yabwino koposa, itaikidwa pa nsalu, kutalika kwa cikhato cimodzi kapena ziwiri kucokera pakamwa. Makina ang'onoang'ono amenewa amadzikwezera okha mphamvu pamene wolankhula wakhala cete, ndipo pa nthawi yomweyo tambala wa mnansi, ana a pa pompi ndi nyimbo za ku tavani zimalowa zonse. M'komboni, m'mene khoma la wina liyandikana ndi zenera la mnzake, nthawi yabwino inali usiku ndithu kapena mbandakuca. Mabatire ofooka anali ndi cinyengo cina: tepi inali kuyenda pang'onopang'ono potola, tsono poiliza pa makina a mabatire atsopano, liu la bambo wolemekezeka linali kutuluka lopyapyala ndi lothamanga ngati la kamwana. Akumudzi anali kuseka, koma mwini liu sanamve kusekako.

Mabanja amene anali kutumizirana makaseti anatsata mwambo wa pabwalo. Mwini nyumba ndiye anali kuyamba: “Odi kumudziko! Amai, muli bwanji? Atsibweni auka bwanji? Ife kuno tiripo, koma mdzukulu wanu wamng'ono ndiye anadwala cifuwa.” Pambuyo pake mpongozi anali kulankhula mwaulemu ndi mwacidule, atagwada ngakhale apongozi sanali kumuona, potsiriza ana anali kuitanidwa kuti apereke moni kwa agogo ndi kuimba nyimbo ya ku sukulu. Kaseti inali kukulungidwa m'pepala pamodzi ndi sopo ndi mcere, nipatsidwa kwa wapaulendo wokwera basi ya UBZ pa mseu wa Great East, kuoloka mlatho wa Luangwa, kupyola Nyimba ndi Petauke. Kumudzi inali kumvedwa ndi mudzi wonse, motero cinsinsi cimene cinapulumuka kwa mwana wa sukulu cinali kugwera m'makutu a anthu makumi atatu. Ocenjera anali kuika nkhani zobisika kumbali yaciwiri, nalangiza kuti amai amvere okha. Ubwino wake waukulu unali wakuti liu silibisa zimene kalata ibisa. Munthu angathe kulemba kuti ali bwino pamene ali pa mphasa, koma mai wake, pakumva kapumidwe kake, adziwa.

Cimene cidandaulitsa nciakuti kaseti inali ya ndalama, ndipo akumudzi kawirikawiri anali kuyankha pa kaseti yomweyo. Yankho linali kufafaniza funso, ndipo yankho lomwelo linafafanizidwa ndi uthenga wotsatira kapena ndi nyimbo za kalindula. Pamwamba pa kaseti pali timapulasitiki tiwiri timene, titathyoledwa, makina akana kutola. Koma ndani akadathyola, podziwa kuti ya mawa palibe? Anthu a ku Pakistan okhala ku Britain anali ndi mwambo womwewu, ndipo Wajid Yaseen anayamba nchito yosonkhanitsa makaseti ao otsala pansi pa dzina la Tape Letters.

Phindu la mau osungidwa lioneka pa nkhani ya Julius Chongo. Kuyambira mu 1966, kwa zaka pafupifupi khumi, iye anali kusimba nthano m'Cinyanja pa wailesi ya Zambia m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, akusintha liu lake kukhala la mfumu, la nkhalamba, la kalulu. Cifukwa cakuti mau ake analowa pa matepi, Ernst Wendland, mphunzitsi wa pa seminale ya Lutheran mu Lusaka, anatha kuwamvetsera mobwerezabwereza ndi kuwalemba, ndipo zina mwa nthanozo zinasindikizidwa m'buku mu 2004, Chongo atamwalira kale. M'makomboni munali osimba ena ambiri osamveka pa wailesi: agogo odziwa mbiri ya mtundu wao kucokera kwa Kalonga kapena kwa Mpezeni, anamkungwi, akulu a mpingo, makwaya a Reformed Church ndi a Katolika amene anali kudzitola pokonzekera mpikisano. Akale anati mau a akulu akoma akagonera, koma agonera pokhapokha pamene pali posungira.

Panali ena amene anakhulupirira kaseti kopambana muyeso. Bambo wodwala, poopa kuti abale ake adzalanda nyumba ndi katundu kwa mkazi ndi ana, anali kunenera m'makina cifuniro cake, naganiza kuti wamaliza. Liu lotere lingacititse manyazi olanda pa maliro, koma lamulo la mawilo la 1989 linaika kuti, kupatula pa zifukwa zocepa zapadera, wilo ikhale yolembedwa ndi yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Kwa womwalira wopanda wilo, lamulo lina la caka comweco linagawa cuma motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Pamenepa mwana wophunzira anali wofunikabe ndi colembera cake. Za aja amene anali kubisa makina pansi pa mpando kuti akole mnzao pa mlandu wa banja, ndi bwino kungonena kuti sanakondedwe ndi anansi.

Lero mafoni alanda nchito yonseyi, ndipo uthenga wa mau ufika ku Lundazi munthu asanatseke pakamwa. Makaseti otsala agona m'masutukesi ndi pamwamba pa makabati ku Chawama ndi ku Mtendere, kumene adani ao ali kutentha kwa malata, fumbi la mu October, cinyezi ca dzinja, ndi maginito a masipika. Ku Kanyama madzi osefukira, monga aja a 1978, analowa m'nyumba zambiri. Wopeza kaseti ya agogo ake asafulumire kuiika m'makina oyamba amene wabwereka. Ayambe wayang'ana ngati pa tepi pali nkhungu, ndi ngati kathonje kamene kakankhira tepi pa hedi kakali pamalo pake. Athyole timapulasitiki tija tapamwamba. Apukute hedi ndi kagudumu ka mphira ndi thonje loviika mu sipiriti, ayese makinawo ndi kaseti ina yopanda nchito, ndipo poliza yeniyeniyo akhale atakonzeratu foni kapena kompyuta yotola, pakuti tepi yokalamba nthawi zina ilira kamodzi kokha. Ikaduka, ilumikizidwa ndi kaselotepi kakang'ono kumbuyo kwake, kumbali yosakhudza hedi. Atatha, alembe pa pepala dzina la wolankhula, mudzi wake, mfumu yake ndi caka, akali moyo wina m'banjamo wotha kuzindikira liulo.