Zimunya, Khomo Lomwe Alendo Sagogoda

Mlendo wochokera ku Harare pa njinga yamoto amauona mzinda wa Mutare koyamba ali pamwamba pa Christmas Pass, mpata wa m'mapiri womwe unalandira dzinali chifukwa atsamunda anagona pamenepo pa Khirisimasi ya 1890. Chakufupi ndi mzindawu, njira zimagawikana. Ina imapita kumpoto ku Nyanga, kumene phiri la Nyangani limatalika mamita 2,592. Ina imakwera ku Vumba, mapiri omwe dzina lawo m'Chishona limatanthauza nkhungu. Yachitatu, msewu wa ku Masvingo, imalowera kummwera, ndipo isanapite patali imadutsa pa Zimunya.

Zimunya ndi dera la mfumu ya dzina lomweli, kwawo kwa anthu a mtundu wa Jindwi, m'munsi mwa mapiri a Vumba chakumadzulo. Mitambo yochokera ku nyanja ya mchere ya India imakhuthula mvula yake pamwamba, pomwe pali nkhalango zowirira, ndipo ikamafika kunsi kuno imakhala itauma. N'chifukwa chake chimanga cha ku Zimunya chimafota zaka zina pamene ku Burma Valley, kuseri kwa phiri, nthochi zikupsa. Malamulo a atsamunda, makamaka logawa malo la 1930, anapereka nthaka yachinyontho kwa azungu, ndipo m'minda yawo munagwiranso ntchito amatchona ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique.

Okwera njinga zamoto amakonda chigawo cha Manicaland chifukwa cha misewu yake yokhotakhota. Amene anakwerapo msewu wa Gorodi wopita ku Livingstonia kapena chitunda cha Golomoti angamvetse chomwe chimawakoka. Kuchokera pa Zimunya, msewu umatsetsereka mpaka pa Wengezi, pomwe wopita ku Chimanimani amakhotera kumanzere n'kuyamba kukwera kulowera pa mphambano ya Skyline. Kumeneko makona ndi akuthwa, nkhungu imatha kugwa masana, ndipo malole onyamula matabwa amadzaza msewu. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anagumula mapiri, kukokolola milatho ndi kupha anthu mazanamazana m'chigawochi, kotero kuti boma la Chimanimani linakhala masiku angapo osafikirika ndi galimoto. Ntchito yokonza inatenga nthawi yaitali ndi ndalama zankhaninkhani.

Kumapeto kwa misewuyi kuli zipata. Paki ya Nyanga, paki ya Chimanimani ndi munda wa zomera wa Vumba zonse zili m'manja mwa bungwe loona za mapaki ndi nyama zakutchire la ZimParks. Mitengo yolowera imasiyana: nzika ya Zimbabwe imalipira zochepa, wochokera m'maiko a SADC monga Malawi, Zambia ndi Mozambique amalipira zapakati, ndipo wochokera kutsidya kwa nyanja amalipira zokwera. Pamwamba pa munthu, chokwera chake chimalipiridwanso pachokha. Motero Mmalawi woiwala kuonetsa pasipoti pa chipata angathe kulipira ngati wochokera ku Ulaya. Wokwera njinga ayeneranso kudziwa kuti mapaki ambiri okhala ndi mikango ndi njovu salola njinga zamoto, chifukwa palibe chomutchinga ku chilombo. Ichi chimapangitsa mapiri a kum'mawa kukhala malo ake enieni.

Alendo ena amadandaula ndi ndalama zolowerazi, koma ZimParks imadalira kwambiri zomwe yatolera yokha polipira alonda, kulambula njira zotchingira moto ndi kuthamangitsa opha nyama mozembera. Ku Chimanimani alonda omwewo amalimbananso ndi okumba golide mopanda chilolezo, amene aipitsa mitsinje ya m'mapirimo. Walira mvula walira matope: wofuna kupeza mathithi oyera ndi nkhalango yosaotchedwa ayenera kulipira powasamala.

Funso lotsala ndi la omwe ali kunja kwa mpanda. Pulogalamu ya CAMPFIRE, yomwe inayamba mu 1989, inkafuna kuti midzi yoyandikana ndi nyama zakutchire izilandira gawo la phindu, koma ndalama zake zambiri zinkachokera kwa alenje olemera osaka njovu ndi njati. Dera ngati la Zimunya, lopanda nyama zikuluzikulu zotere, silikanapeza zambiri m'njira imeneyi. Anthu a kuno anaonanso miyala ya dayamondi yomwe inatulukira ku Chiadzwa, m'dera loyandikana nalo la Marange, mu 2006, ikudutsa popanda kusintha kwenikweni miyoyo ya m'midzi. Chuma cha alendo nacho chingathe kudutsa chimodzimodzi.

Komabe njinga yamoto ili ndi mwayi womwe basi ya alendo ilibe. Thanki yake ndi yaing'ono, katundu wake ndi wochepa, ndipo wokwera amatopa msanga. Ayenera kuima kawirikawiri kuti amwe madzi, adye, apope matayala kapena afunse njira. Kuima kulikonse ndi msika kwa mayi wogulitsa mapeyala ndi tomato m'mbali mwa msewu, kwa mnyamata womata matayala ndi kwa mwini kanyumba kogona alendo. Khonsolo ya Mutare Rural ndi magulu a m'midzi atati aike zikwangwani zooneka, mthunzi, madzi aukhondo ndi zimbudzi pa Zimunya, okwerawa akanakhala ndi chifukwa chozimitsira injini. Ndalama ya pa chipata imasunga phiri. Ya m'mbali mwa msewu ndi yomwe imafika mu mphika wa anthu okhala m'munsi mwake.