Mchenga wa kwa Chembe ndi kakamera kotchipa

Amene mumakhala ku Cape Town mwina mudamvapo za Maclear's Beacon, mulu wa miyala uli pansonga penipeni pa Table Mountain, mamita 1,086 kuchokera pamadzi a nyanja. Mwini dzinalo ndi yemweyo wa Cape Maclear ya kwathu ku Mangochi. Thomas Maclear anali katswiri wa nyenyezi kuno ku Cape ndiponso bwenzi la David Livingstone, ndipo Livingstone ndiye adapereka dzina la mnzakeyo ku malo a kunyanja aja. Eni ake amangoti kwa Chembe. Kupatula dzina, malo awiriwa amafanananso pa mphepo ndi mchenga, zomwe zimapha makamera ang'onoang'ono kuposa ukalamba.

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi manetiweki, choncho anzanga amaseka akaona kamera imene ndimayenda nayo. Ndi kakang'ono kolowa m'thumba la malaya, ka mabatire awiri a AA. Ndidakagula kogwiritsidwa kale ntchito pa shopu ina mumsewu wa Voortrekker ku Bellville, pamtengo wosafika wa nsapato za sukulu. Foni yanga imajambula bwino kuposa iko, sindikana. Koma mufoni muli banki, muli abwana, muli matikiti a basi, ndiye sungaipereke kwa mwana wazaka 9 kuti akasewere nayo m'mbali mwa madzi. Kakamera ungapereke, mtima uli m'malo.

Tidanyamuka patchuthi cha ana cha m'nyengo yozizira: basi mpaka Johannesburg, ina kudzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza. Pamabodala kamera izikhala m'chikwama, sapajambulidwa. Kuchoka Blantyre tidadzera Zomba, Liwonde ndi Mangochi. Usanalowe Monkey Bay pali mphambano, ndipo kuchokera pamenepo msewu umakhotakhota m'mapiri pafupifupi makilomita 20, anyani atakhala pamiyala ngati akudikira matola. Kenako mapiri amangotseguka, nyanja n'kuonekera, zilumba za Thumbi ndi Domwe zili poteropo.

Chembe ndi mudzi wa asodzi womwe uli mkati mwa Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamitundumitundu tokhala m'miyala. M'mawa gombe lonse ndi ntchito yokhayokha. Amayi akutsuka mbale ndi kuchapa, anyamata akusoka maukonde, usipa wayalidwa pamathandala ukunyezimira. Apa m'pamene kakamera kamadyerera. Kuwala kukachuluka, ngakhale sensa yaing'ono ngati chikhadabo imatulutsa zithunzi zakuthwa. Chithunzi cha apongozi anga akutembenuza usipa, chomwe adajambula ndi mdzukulu wawo, ungawerenge makwinya a m'manja mwawo.

Usiku nkhani imasintha. Asodzi akayatsa nyali zokopera usipa, nyanja imaoneka ngati tauni yoyandama, koma kakamera kamangotulutsa mdima wa timadontho. Fulashi yake imathera pamamita atatu kapena anayi. Chimene chimathandizako ndi kuzimitsa fulashiyo, kukhazika kamera pabwato logadabuzika, n'kutchera taimala ya masekondi 10 kuti dzanja lisaigwedeze.

Mayeso oyamba anali mabatire. Kunyumba kwa apongozi kulibe magetsi, mafoni timakatchajitsa pamsika. Kamera ya AA siidikira pamzere wotchajitsa, koma si batire lililonse limaikwana. Otchipa a m'magolosale ambiri ndi a zinc-carbon, oyenera wailesi ndi tochi. Kamera imakoka mphamvu yambiri nthawi imodzi potulutsa lenzi ndi podzaza fulashi, ndiye mabatire oterowo amagwa msanga, kamera n'kuzima ngati yafa pomwe ili bwinobwino. Eni makamera ambiri amene amandibweretsera kuti afa, vuto limakhala limeneli. A alkaline amayesako, koma abwino ndi otchaja a NiMH. Ndidatenga asanu ndi atatu otchajiratu ndipo adatikwanira masabata awiri.

Mayeso achiwiri anali mwera. Mphepo ya kummwera imeneyi ikayamba miyezi ya June ndi July, mabwato amakhala kumtunda ndipo mchenga umalowa paliponse, mpaka mu ndiwo. Tsiku lachisanu lenzi idatuluka theka n'kuima, pasikirini n'kulemba kuti pali vuto la lenzi. Mkati mwa lenzi zotuluka ndi kubwerera muli timagiya tapulasitiki, ndipo kamchenga kamodzi n'kokwanira kutiimitsa. Mlamu wanga adafuna kuikankha ndi chala. Ndidati, "Alamu, pepani, mukatero ndiye taiika m'manda." Ndidachotsa mabatire, ndidaizondotsa lenzi kuyang'ana pansi, ndidapopera mpweya m'mphepete ndi kampira kopemerera fumbi, n'kuigogoda pang'ono pachikhatho. Nditabwezera mabatire idalira kuti krrr, n'kubwerera m'malo. Mpaka lero kachitseko kotseka lenzi nthawi zina kamafuna kukodola ndi chikhadabo, koma imajambula. Kuyambira tsiku limenelo ana ankaisunga m'jumbo yotseka pakamwa, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato.

Tsiku lina mwera utaleka tidayenda wapansi kupita ku Otter Point, n'kudzera kumanda a amishoni. Apa m'pamene mishoni ya Livingstonia idayambira mu 1875, isanasamukire ku Bandawe mu 1881 malungo atawavuta. Mwana wanga wamkazi adajambula manda aja, kenako adafunsa agogo ake kuti manda a kwathu ali kuti. Mawa lake apongozi adapempha chilolezo kwa akuluakulu, adawatenga adzukulu kukaona pomwe adagona agogo awo aamuna. Kumeneko kamera idakhala m'jumbo. Koma pobwera adakhala pakhonde, nati, "Tandijambulani ndi ana onsewa. Chithunzicho ndichigwire m'manja, osati zoonetsana pafoni zija."

Mawu amenewa adandikhala. Zithunzi zambiri za ife a kunja zili pa WhatsApp, zopanikizidwa mpaka kuchepa, ndipo foni ikabedwa kapena kufa zimapita nayo limodzi. Za kakamera zimakhala pa memori khadi yakeyake, ndipo popeza sungazitumize pompopompo, umakakamizika kukhala pansi, kusankha, n'kukatsukitsa. Tisanabwerere tidatsukitsa zithunzi 40 ku Mangochi. China chili pakhoma kwa Chembe, pafupi ndi kalendala ya tchalitchi.

Kwa amene mukuganiza zogula kotere musanapite kumudzi, yesani zinthu zingapo muli pashopu pomwepo. Yatsani ndi kuzimitsa kasanu, mukumvetsera ngati lenzi ikukhuta. Tsegulani malo a mabatire muone ngati mulibe zoyera zonga mchere, chizindikiro choti batire lidatayikiramo. Jambulani khoma loyera kuti muone madontho a fumbi. Funsaninso za khadi: makamera akale kwambiri amalandira SD ya 2GB basi, otsatira amalandira SDHC mpaka 32GB, ndipo ambiri mwa iwo khadi ya 64GB saiwerenga n'komwe. Makhadi awiri ang'onoang'ono aposa imodzi yaikulu, ndipo mugule pamalo odalirika chifukwa achinyengo ndi ambiri. Mukasintha mabatire muzionanso deti, chifukwa makamera okalamba amaiwala tsiku, ndipo zaka 20 zikubwerazi ana adzafuna kudziwa kuti agogo adajambulidwa liti. Ulendo ukatha, chotsani mabatire musanaiike m'kabati.