Kalata kwa mwana wopita ku Israel

Chilomoni, Blantyre

Mwana wanga,

Tsiku lako lonyamuka layandikira. Ukutsata njira imene anzako oposa 200 anaitsegula mu Novembala 2023, pamene anakwera ndege kukagwira ntchito m'mafamu a ku Israel. Akumpingo ayamba kale kukusirira, akuti ukaponda pomwe anaponda Yesu, ndipo ena akuitanitsa madzi a mu Yordano m'timabotolo. Ine ndikufuna ukawaonedi malowo, koma ukawaone monga momwe alili: ambiri mwa iwo anali malo antchito, ndipo ayenera kukubwezera ku ntchito yako uli munthu wokhulupirika kuposa kale.

Yamba ndi Nyanja ya Galileya. Ndi yaing'ono, makilomita 21 okha m'litali, ndipo nsomba imene amagulitsa kwa alendo m'dzina la Petro ndi yapachibale ndi chambo. Mu 1986, madzi ataphwa chifukwa cha chilala, pafupi ndi Ginosar panapezeka bwato la m'nthawi ya Yesu litakwiririka m'matope. Ndi la mamita 8, lopangidwa ndi matabwa a mitengo yosiyanasiyana, zigamba zokhazokha, umboni woti eni ake anali anthu ongopeza ya lero, okonza chakale chifukwa chatsopano sakanachikwanitsa. Anthu otere ndi amene Yesu anawaitana, manja akununkha nsomba, ndipo Mateyu anamupeza pa tebulo la msonkho ku Kaperenao. Ku Yerusalemu nako, Via Dolorosa, njira ya malo 14 imene akhristu amakumbukirapo ulendo wa mtanda, imadutsa pakati pa msika. Ogulitsa akuitanira malonda, ngolo zikupempha njira, anthu akukanganirana mitengo, ngati mumsika wa Ndirande kumapeto kwa mwezi. Ngati mtanda unadutsa m'misewu ya mzinda anthu ali pa zochita zawo, ndiye kuti chikhulupiriro chako chidzayesedwa m'bandakucha polowa m'munda, powerengetsa mabokosi amene wakolola, ndi m'mene udzakhalire ndi mnzako wa ku Thailand amene simumvana chinenero.

Mwina ufunsa kuti, nanga n'kupitiranji ngati Mulungu ali paliponse? Funsolo n'lakale. Cha m'ma 380, bishopu Gregory wa ku Nyssa, atafika yekha ku Yerusalemu, anachenjeza akhristu kuti kusintha malo sikumuyandikitsa munthu kwa Mulungu. Ndikuvomereza, n'chifukwa chake amayi amene amakwera phiri la Michiru pa Lachisanu Loyera kutsata Njira ya Mtanda sasowa kanthu poyerekeza ndi amene analipira mamiliyoni a ndege. Komabe kuona kuli ndi phindu lake. Munthu akaona msewu wa ku Yeriko, wotsetsereka mamita oposa 1,000 kuchokera ku Yerusalemu, wopanda mthunzi ndi madzi, amamvetsa kuti Msamariya uja anaika moyo wake pachiswe poimirira, ndipo nkhaniyo imasiya kukhala nthano ya ku Sande sukulu. Mphamvu ili m'kumvetsako, madzi a m'botolo ndi madzi basi.

Ena anganene kuti mawu angawa ndi ofooketsa, ophunzitsa wantchito kungogonja ngakhale akudyeredwa masuku pamutu. Ayi ndithu. Malemba omwewo amadzudzula bwana wobera wantchito malipiro. Werenga kontrakiti yako mpaka uidziwe pamtima, lemba maola ako m'kabuku tsiku lililonse, ndipo zikapanda kuyenda kadandaule poyera, ngakhale ku ofesi ya kazembe wathu imene inatsegulidwa ku Tel Aviv mu 2024. Chimene ndikukaniza ndi kuthawa pafamu usiku. Chaka chomwecho anzako ena anabwezedwa kuno chifukwa chosiya mafamu n'kukagwira ntchito kwina popanda chilolezo, ndipo anatsekera mwayi ena a ku Bangwe ndi ku Machinjiri amene anali pamzere.

Dziwanso kuti dzikolo lili ndi mabala. Betelehemu ali m'dera la Apalestina, kuseri kwa khoma ndi zipata za asilikali, ndipo kumeneko kuli akhristu olankhula Chiarabu amene mipingo yawo inalipo kalekale Blantyre Mission isanayambe mu 1876. Myuda ndi Mwarabu yemwe uwapatse ulemu, ndipo mikangano yawo usailowerere pa Facebook. Usapite ku Betelehemu usanafunse ngati mapepala ako akulola komanso ngati kuli bata, ndipo sairini ikalira thamangira kobisala pamodzi ndi anzako. Za timabotolo ta madzi usade nazo nkhawa, oitanitsawo ndiwayankha ndine. Ukafika utiimbire.

Ndine,
Bambo ako